Obutwa ndi Nyemba za Lachisanu

Dzina loyamba limene a Dauda Ssemakula anandiphunzitsa linali la nkhadze. Munali mu Okutobala wa 2015, sabata yanga yachiwiri pa geti la mpanda wa nyumba zogona anthu ku Al Nasr, mumzinda wa Doha. Osamalira maluwa anali atadulira zomera za m'mbali mwa khoma, nthambi zina n'kuzisiya pakhomo pa kanyumba kathu ka alonda. Nditawerama kuti ndizikankhire kumbali, a Dauda anandigwira pamkono. Anati utomoni wake woyerawo ukangolowa m'diso ndilira ngati khanda. Ndinawauza kuti mtengowo ndimaudziwa, kwathu ku Ntcheu timatchingira makola ndi manda, ndipo timautcha nkhadze. Iwo anati kwawo ku Masaka, ku Uganda, ndi enkoni. Anabwereza kawiri kuti ndimve bwino. Madzulo ake ndinalemba dzinalo kuseri kwa lisiti ya m'sitolo.

Ndinali nditaphunzitsa zaulimi kusekondale zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndisanavale yunifomu ya ulonda. Mkazi wanga Eveless anamwalira mu Januwale wa 2013. Mwana wathu Walije atalowa sukulu ya unamwino, ndinaona kuti palibe chondisunga m'nyumba ija, ndipo ndinakalembetsa kwa anthu ofunira anzawo ntchito kunja. Anzanga a ku Doha ankadziwa zokhazo: kuti ndine Grayson Mlanjira, mphunzitsi wakale, wofedwa mkazi. Palibe anafunsa zambiri, ndipo ine zimenezo zinkandikomera.

Ntchito ya pa geti ndi ya maola khumi ndi awiri. Mmawa magalimoto amatuluka motsatana, madzulo amabwerera motsatana, koma pakati pa tsiku dzuwa limathamangitsa ndi amphaka omwe. Nthawi imeneyo tinkangokhala awiri, ine ndi a Dauda, m'kanyumba ka magalasi, makina oziziritsa akulira pamwamba pathu. Tinkalankhula Chingerezi, poti Chichewa ndi Chiganda zimangopatsana moni chapatali. Iwo ankanditcha Musomesa, kutanthauza mphunzitsi. Ine ndinkawatcha Ssebo, monga amuna amalemekezerana kwawo. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zitatu, aafupi, adazi, okonda tiyi wa shuga wambiri ndi kutsutsa za mpira umene sanaonere.

Anandiuza kuti amayi awo, amene anali ndi munda waukulu wa nthochi, sankalola mwana kulowa yekha m'mundamo asanathe kuloza ndi kutchula chilichonse chakupha chopezeka m'menemo. Mayina a zodyedwa sankavutika kuphunzitsa, ankati amenewo mwana amatola yekha. Choncho a Dauda, amene sukulu anaisiyira panjira, anali ndi mayina oposa a m'buku lililonse limene ndinaphunzitsirapo. Chiphe ndi obutwa. Ululu wa njoka ndi obusagwa, ndipo anandidzudzula nditasakaniza ziwirizo. Mphiri ndi essalambwa. Nthula ndi entengotengo, nsatsi ndi ensogasoga. Panalinso oluwoko, chomera choyanga cha tizipatso tofiira, chimene anati chinapha mbuzi zinayi za amalume awo sabata imodzi. Chimenecho sindinachipezere dzina la Chichewa, ndinangochijambula monga anachifotokozera. Maluwa ofiirira a m'mbali mwa geti lathu, amene ana a m'mpandamo ankakonda kuthothola, analibe dzina kwathu kapena kwawo, koma tonse tinkadziwa kuti tsamba lake si loyandikiza kukamwa. A Dauda anawatcha ekimuli ky'obutwa, duwa la chiphe, ndipo ankathamangitsapo ana ndi mawu omwewo ngakhale anawo sankamva kanthu.

Malisiti atachuluka m'thumba, ndinagula kope la chikuto chobiriwira m'kasitolo ka ku Al Doha Al Jadeeda, kumene tinkagona. Tsamba lililonse ndinaligawa patatu. Kumanzere dzina la Chichewa ndi kuopsa kwa chinthucho. Pakati dzina la Chiganda. Kumanja ndinkalembako ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono, chizindikiro choyamba mwa wodwala ndi choyenera kuchita asanafike kuchipatala. Ndinkadziuza kuti ndikadzabwerera ndidzalisandutsa kabuku ka ana a pulayimale, kapena ndidzampatsa Walije. Kuti Chiganda chidzathandiza chiyani mwana wa ku Ntcheu, sindinadziwe. Koma dzina lililonse linkabwera ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo ndi imene inkandikumbutsa zimene ndinaona kwathu n'kuiwala.

Tsiku lina anandiuza za amaduudu, chomera cha maluwa oyera onga lipenga ndi zipatso zaminga. Anati makolo awo akale ankamwetsa madzi ake anthu otsutsana pa mlandu, ndipo wolephera kuyenda ndiye anali wolakwa. Ndinati ife tinali ndi mwabvi: wosanza wapulumuka, wosasanza ndiye mfiti. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti zikuoneka kuti kulikonse makolo ankakonda kufunsa mimba m'malo mofunsa munthu.

Kumene tinkagona tinali atatu m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi matabwa. Wamkulu wa chipindacho anali Che Cassim a ku Mangochi, oyendetsa basi ya kampani, munthu wosakweza mawu. Wina anali Maclean wa ku Chikwawa, wazaka makumi atatu, wonyamula zikwama pa hotela ina ku Al Sadd, amene pakamwa pake sipankauma. Masiku ena onse aliyense ankadzionera yekha chakudya, koma Lachisanu, tsiku lathu lopuma, tinkadya limodzi masana, ndipo wophika ndinali ine. Ndinkaphika mpunga ndi nyemba za nanyati zimene Walije ankapatsira aliyense wobwera kuchokera kumudzi. Maclean ankapala mpoto ndi supuni mpaka Che Cassim kumuuza kuti mpotowo ndi wa kampani.

Mu Meyi wa 2016, kutentha kutafika poti munthu sungagwire chitsulo cha geti, Maclean anadwala. Tinadya Lachisanu monga mwa masiku onse, ndipo patapita maola anayi anayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Che Cassim anapita naye ku kiliniki ku Al Sadd, kumene anamuika madzi pamkono n'kumuuza kuti anadya chinachake chowonongeka, zomwe sizachilendo nyengo imeneyo. Ine ndi Che Cassim, amene tinadya mpoto womwewo, sitinamve kanthu. Maclean anagona masiku awiri. Tsiku lachiwirilo, akufunafuna chaja ya foni, anakweza pilo wanga n'kupeza kope lija.

Ine sindinadziwe kuti walipeza. Ndinangoona kuti Lachisanu lotsatira Che Cassim anati adyera kwa anzawo a kumzikiti, Maclean n'kuti m'mimba simunakhazikike. Lachisanu linalo chimodzimodzi. Shuga ndi masamba a tiyi, zimene zinkakhala pawindo, zinalowa m'masutikesi okiya. Maclean anamata tepi pa botolo lake la madzi n'kumagona nalo kumutu. Moni ankandipatsa, ndipo anali moni waulemu kuposa kale.

Zimenezi sizinali zatsopano kwa ine. Eveless anafa ndi chakudya chimene ine ndinabweretsa pakhomo, ine osadyako. Maliro atatha, ana a aneba analeka kulandira mango m'manja mwanga, ndipo aphunzitsi anzanga anayamba kubwera ndi mafulasiki awoawo. Palibe anandinena pamaso. Ndinachoka ku Ntcheu kuthawa ulemu wa mtundu umenewo, ndipo tsopano unali utandipeza m'chipinda cha matabwa, makilomita zikwi zingapo kuchokera kumene ndinausiya.

Ndinapitiriza kuphika Lachisanu. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinaona kuti kuleka kukhala ngati kuvomera. Zotsalazo ndinkaziika mufiriji n'kumanyamula m'kontena kupita nazo ku geti. Kope ndinalisiya pansi pa pilo, ndipo mafunso ndinaleka. A Dauda anayang'ana m'kontena mwanga Lolemba lina n'kufunsa ngati nyembazo zinali za Lachisanu zomwe zija. Ndinati ndinaphika zambiri. Kenaka anati akumbukira njoka ina, enswera, imene imadzutsa mutu n'kufutukula khosi. Ndinati chabwino. Cholembera sindinatulutse. Anandiyang'ana, n'kubwerera ku tiyi wawo.

Lachinayi la sabata yachitatu, nditangofika kuchokera kuntchito, Che Cassim anandipempha kuti ndikhale pansi ndisanavule nsapato, Maclean ali pa bedi lake. Anayamba ndi kunena kuti takhala bwino miyezi yonseyi, palibe anabapo sopo wa mnzake. Kenaka anati pali nkhani ya kope. Maclean anali atajambula masamba ake pa foni, ndipo ankafuna kuti Lamulungu akawaonetse supavaiza wa kampani yathu ya ulonda, komanso awaponye pa gulu la Amalawi la pa foni kuti ena achenjere. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mlonda wopezeka ndi mndandanda wa ziphe safunsidwa zambiri ku Doha; akachita mwayi amangomudulira viza n'kumukweza ndege. Koma ndege sinali yondiopsa kwenikweni. Pa gulu la pa foni lija panali anthu a ku Ntcheu, ndipo mawa lake lomwe zithunzizo zikanafika kwa abale a Eveless, kenaka kwa Walije. Zimene anthu ankangonong'onezana zikanakhala ndi umboni wolembedwa ndi dzanja langa.

Ndinati kopelo ndi la maphunziro.

"Maphunziro ake ati, madala?" anatero Maclean. "Kuno mukuphunzitsa ndani, ngamila? Mwalemba nokha kuti njere zochepa za nsatsi zikhoza kupha mwana. Za tameki tsamba lathunthu. Enawo mawu achilendo, sitikudziwa ngati ndi mayina kapena matsenga. Ine ndagona pa diripu, inu muli gwa."

Mawu amene anafunika anali kutali kwambiri. Zaka zitatu ndinali ndisanawatulutse kwa munthu aliyense, ndi Walije yemwe. Che Cassim anati tidzakhala pansi mawa akabwera kopemphera, ndipo chimene tidzagwirizane chidzakhala chomwecho.

Ndinaviika nyemba madzulo omwewo. Mmawa ndinaziphika ndi anyezi ndi tomato, ndinaphika mpunga, ndinayala mphasa ya pulasitiki pansi ndi mbale zitatu monga mwa masiku onse. Maclean anakhala pa bedi lake akusewera ndi foni, osayang'ana mbali yanga. Itangokwana wani koloko ndinamva anthu awiri akukwera masitepe. Analowa Che Cassim, nkhope ili pansi, ndipo pambuyo pawo a Dauda, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti, akupukuta thukuta pa dazi. Ndinamva pambuyo pake kuti awiriwa ankapemphera mzikiti umodzi, ndipo tsikulo Che Cassim anawakokera pambali kuwachenjeza kuti asamasiye kapu ya tiyi pafupi ndi ine. A Dauda anamvetsera zonse, n'kufunsa chimene ndaphika, n'kuwatsatira.

Anapereka moni kwa aliyense m'Chingerezi, chimene tonse tinkamva, n'kuti amva kuti m'nyumba muno mumatsala nyemba, ndipo iwo kwawo kutsala kwa nyemba amakuona ngati tchimo. Anapempha madzi osamba m'manja. Anakhala pa mphasa, anadzipakulira okha mbale yodzaza, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya. M'chipindamo munkangomveka makina oziziritsa ndi kutafuna kwawo. Sanafulumire. Atamaliza mbaleyo anapakulanso ina, ulendo uno akupala pansi pa mpoto.

"Che Cassim," anatero Maclean m'Chichewa, motsitsa mawu, "akagwa pano awa, apolisi tikawauza chiyani?"

Che Cassim anamuuza kuti atseke pakamwa.

A Dauda anasamba m'manja, n'kufunsa Maclean kuti mimba yake inatenga nthawi yaitali bwanji kuti iyambe kuvuta. Maclean anati maola anayi. Iwo anayang'ana wotchi n'kuti mafi mushikila, palibe vuto, basi yawo ndi ya sikisi koloko, adikira. Anatsamira khoma n'kutambasula miyendo.

"Mwana wanga," anatero kwa Maclean, "theka la mawu a m'kope limenelo ndi anga. Ndinawatenga kwa amayi anga, ndinawapereka kwa Musomesa miyezi isanu ndi iwiri. Ukamapita kwa supavaiza ukatchule ndi dzina langa lomwe. Ngati uyu ndi wakupha, amene ndinamuphunzitsa ndine. Tikwera ndege imodzi."

A Dauda anali ndi ana asanu pa sukulu ku Masaka. Ndinkawadziwa mayina onse. Ndinafuna kuwauza kuti asalowerere, koma anandikwezera dzanja osandiyang'ana n'komwe.

Kenaka anati pali chinthu chimodzi chimene akhala akufuna kudziwa. Mawu awo ankawaona akulembedwa pakati pa tsamba, koma zolembedwa m'mbalimo zinali m'Chichewa, ndipo sanafunsepo kuti zikuti chiyani. Popeza maola analipo anayi, anapempha Maclean kuti awawerengere n'kumawamasulira. Anati ayambe ndi timalemba ta pensulo ta kumanja, poti munthu amabisa zenizeni m'timalemba ting'onoting'ono.

Ndinatulutsa kope pansi pa pilo n'kumpatsa Maclean. Analigwira ndi nsonga za zala. Anayamba ndi nkhadze, akuwerenga mokoka ngati mwana wokakamizidwa: utomoni ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, musatikite, pitani kuchipatala. Anamasulira. A Dauda anagwedeza mutu n'kuti apitirize. Mphiri: musacheke pachilonda, musayamwe, musamange mwendo mothina, munthuyo asayende, munyamuleni. Nsatsi: funsani mwana ngati anatafuna kapena anangomeza, tengani njere zotsala kuti adokotala aone. Tameki: malovu ambiri, mwana wa diso kuchepa, thukuta; musadikire kuti kuche. Tsamba ndi tsamba, mawu a Maclean anayamba kutsika. Che Cassim anasendera pafupi, navala magalasi awo. Pa oluwoko a Dauda anamuimitsa n'kundiuza kuti chithunzi changa chikuoneka ngati mphesa, mbuzi ya kwawo ikhoza kundiseka.

Maclean anatseka kope ndi chala chili m'kati. Anati zonsezo wamva, koma munthu wodziwa zonsezi akhozanso kuzigwiritsa ntchito akafuna, ndipo iye sakumvetsabe chifukwa chimene bambo wamkulu angakhalire pa geti ku Doha n'kumalemba za ziphe m'malo molemba kalata kwa mwana wake. Sindinamuone wolakwa. Linali funso labwino.

A Dauda anamuuza kuti atsegule tsamba lomaliza. Maclean anatsegula, n'kuti palembedwa liwu limodzi lokha pamwamba, bowa, pansi pake palibe kanthu.

"Sindiwerenga Chichewa, koma ndimadziwa kuti tsamba limenelo lilipo," anatero a Dauda. "Munthu uyu wandifunsa za njoka, za mbozi, za mizu, ndi za achule omwe. Za bowa sanandifunsepo. Tsiku limene ndinayamba ndekha kukamba za bowa, ananyamuka kukatsegula geti. Panalibe galimoto." Anatembenukira kwa ine. "Musomesa, ine ndadya. Koma sindingamabwere kudzakudyerani Lachisanu lililonse. Kwatsalaku n'kwanu."

Ndinayang'ana mbale ziwiri zimene zinali zikadali zoyera pa mphasa. Ndinalankhula m'Chichewa, ndipo palibe anamasulira.

Ndinati linali Lachiwiri, mvula itagwa masiku atatu. Pochokera kusukulu ndinadzera m'nkhalango ya paini ndipo ndinapeza bowa woyera, wonenepa, wambiri ndithu. Ndinadzaza chipewa. Ndinati ndi ndelema, bowa wodyedwa. Amake Walije anautembenuza m'manja, anaununkhiza, n'kunena kuti tsinde lake silikuwasangalatsa, ndi bwino tiutaye.

"Ndinawaseka," ndinatero. "Ndinati ine zimenezi ndinaphunzira ku koleji, iwo anaphunzira kuti?"

Masana omwewo ndinanyamuka kupita ku msonkhano wa aphunzitsi ku boma, wa masiku awiri. Walije anali kusukulu yogonera konko. Amake anaphika, anadya okha. Mmawa mwake anayamba kusanza. Pamene ndinkabwerera anali akupezako bwino, akuseka, akuti zadutsa, ndiye sitinapite kuchipatala. Sindinkadziwa kuti bowa wa mtundu umenewo umatero, umapumitsa munthu tsiku limodzi uku ukudya chiwindi. Tsiku lachisanu anamwalira. Abale awo sananene kanthu pamaso panga. Anandisudzula msanga, mwaulemu, osandipatsa mpata woti ndifotokoze, ndipo ine sindinaupemphe. Mphunzitsi wa zaulimi wathyola yekha bowa, iye osadya: ndikanakhala ine m'malo mwawo, nanenso ndikanaganiza zomwezo.

Ndinati kopelo ndi la zimenezo. Tsamba lomalizalo ndalitsegula kambirimbiri, koma pensulo imakana.

A Dauda, amene sanamve liwu ndi limodzi kupatula mwina bowa, ankayang'ana kudenga. Patapita kanthawi Che Cassim anavula magalasi, anakoka beseni, anasamba m'manja, n'kudzipakulira. Nyemba zinali zitazizira. Anayamba kudya, ndipo atafika pakati anati m'bale wawo wina ku Namwera anataya ana awiri ndi bowa chaka cha njala, ndipo mpaka lero salola bowa kulowa m'nyumba mwake.

Maclean anakhala nthawi yaitali akuyang'ana foni. Kenaka anabwera kudzagwada pafupi ndi ine, n'kundionetsa akufufuta zithunzizo chimodzichimodzi, zisanu ndi zinayi, ndi za m'nkhokwe ya zofufutidwa zomwe. Sanapepese ndi pakamwa, ndipo ine sindinafune kuti atero. Anatenga mbale yotsalayo, anayang'ana mumpoto, n'kudandaula kuti mlendo wa ku Uganda wamaliza zonse zapansi, zomwe ndi zokoma.

A Dauda anakhalabe mpaka maola anayi aja anakwana. Anati lonjezo ndi lonjezo, sakufuna wina adzanene kuti anakafera pa siteji ya basi. Tinamwa tiyi, shuga atatuluka m'sutikesi ya Che Cassim. Maclean anayamba kufotokoza kuti kwawo ku Chikwawa agogo ake aamuna ankapaka mivi ndi kombe, ndipo anadabwa kuti mphunzitsi wathunthu ndilibe kombe m'kope langa. Ndinampatsa pensulo kuti alembe yekha. Analemba mokhotakhota, pakati n'kusiya mpata wa Chiganda, koma a Dauda anati chimenecho kwawo sachidziwa. Mpatawo ulipobe.

Itakwana hafu faifi ananyamuka, anadzigwira pamimba, anazungulira kamodzi kuti tonse tione kuti akuyenda bwino. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji. Kunja kunali kukutenthabe ngati m'uvuni, masitolo akuyamba kutsegula. Ndinali nditakonza mawu angapo m'mutu, koma tili m'njira anayamba kundiuza kuti nyemba zanga n'zabwino koma ndimaumira mchere, ndipo mpunga wanga ndi wofewa ngati wa odwala. Basi inafika akadali pa nkhani ya mchere.

Chimene chinadwalitsa Maclean sitinachidziwe. Iye amati mwina ndi nkhuku ya ku kantini ya hotela imene anadya Lachinayi, ndipo ndi zotheka.

Loweruka tinakumananso pa geti. Magalimoto a mmawa atatha, dzuwa litakwera, ndinatulutsa kope m'chikwama n'kutsegula tsamba lomaliza. A Dauda anaona, koma anapitiriza kutakasa tiyi.

"Ssebo," ndinatero, "bowa mumati chiyani kwanu?"

"Obutiko."

Anabwereza kawiri, monga anachitira ndi enkoni tsiku loyamba lija. Ndinalemba pakati pa tsamba. Kenaka anayamba kufotokoza mitundu imene amayi awo ankathyola pa chulu, ndi imene ankaiponda ndi phazi, ndipo ine ndinawafotokozera za ndelema ndi mnzake wakupha wofanana naye uja, tsinde lake, ndi tsiku lonyenga limene wodwala amaoneka ngati wachira. Ndinawauzanso, m'Chingerezi tsopano, zimene ndinanena dzulo lake. Anamvetsera osandiyang'ana, zomwe zinandithandiza.

Kumanja kwa tsambalo ndinalemba mizere isanu ndi umodzi. Woyamba unali wakuti wina aliyense pakhomo akakayika, bowawo muutaye, ngakhale wothyolayo akhale wophunzira chotani. Madzulo ake ndinajambula tsambalo n'kumutumizira Walije, pamodzi ndi kalata imene ndinayenera kumulembera zaka zitatu m'mbuyomo.

Koma izo zinali madzulo. Masanawo, nditatseka kope, ndinawauza liwu lothokozera limene ndinalifunsa kwa Muganda wina pa basi mmawa womwewo, poti m'miyezi isanu ndi iwiri ya njoka ndi mizu ndinali ndisanaliphunzire.

"Weebale, Ssebo."

Anati ndalitchula ngati Mzungu. Kenaka analoza panja ndi supuni n'kuti pa geti pali galimoto, ndipo ulendo uno inalipodi.